Ulendo wa pandege wa ku Joni umatenga maola angati?

Funso: Ndikufuna kukaona mwana wanga ku Johannesburg. Tikiti yanga yochokera ku Lilongwe ikuonetsa maola oposa atatu, koma anzanga akuti ndi awiri okha. Zoona ndi ziti?

Yankho: Kuchokera pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pabwalo la O.R. Tambo ku Johannesburg pali makilomita pafupifupi 1,500. Ndege yolunjika imauluka maola awiri ndi theka kapena kucheperapo. Yodzera pa Chileka imachedwerapo chifukwa imatera kuti itsitse ndi kukweza anthu. Mphepo nayo imatha kuwonjezera mphindi zingapo. Nthawi ya ku Lilongwe ndi ya ku Johannesburg ndi imodzi, choncho wotchi sasintha. Wapaulendo afike pabwalo kutatsala maola awiri kapena atatu kuti ndege inyamuke, ndipo tikiti ikapanda kuonetsa poima, akafunse komwe anaigula.