Mphunzitsi wa Timu ndi Khalidwe la Osewera Ake

Mvula ikakata ndipo ntchito za m'minda ya mbatata ya kachewere zikapepuka, mabwalo a zamasewero ku Tsangano amadzaza ndi anthu. Mpira wamiyendo ndi wamanja umasonkhanitsa midzi imene imagula pa msika umodzi, imatumiza ana ku sukulu imodzi ndiponso imakwatirana. N'chifukwa chake masewero akathera m'ndewu, kuwonongeka kwake sikuthera pabwalo. Wovulala amafuna ndalama zoyendera kuchipatala, wogenda amakagona kupolisi, wopereka chikho amabweza dzanja, ndipo midzi iwiri imasungirana mangawa mpaka pamaliro. Munthu amene ali ndi mpata waukulu woletsa zimenezi ndi mphunzitsi wa timu, pakuti osewera amatengera zochita zake kuposa zonena zake.

Chitsanzo chake

Mu Epulo 2019, timu ya Leeds United ya ku England inagoletsa chigoli pamene wosewera wa Aston Villa anali chigonere atavulala, anzake akuyembekezera kuti mpira utulutsidwe kunja. Mphunzitsi wa Leeds, a Marcelo Bielsa, analamula anyamata awo kuti asiye Villa ibweze chigolicho popanda kuitchinga. Masewerowo anatha 1-1, ngakhale Leeds inkafunitsitsa kupambana kuti ikwere ligi yaikulu. Chaka chomwecho bungwe la FIFA linapatsa a Bielsa ndi timu yawo mphoto ya kusewera mwachilungamo. Phunziro lake n'lakuti mphunzitsi amaphunzitsa kwambiri pa nthawi imene chilungamo chikumuluzitsa. Iye akamathamangira m'bwalo kukalozaloza woyimbira, asadabwe kaputeni wake akagwira woyimbirayo pakhosi.

Malamulo aphunzitsidwe pokonzekera

Mikangano yambiri imabadwa chifukwa chosadziwa. Mpira wamiyendo uli ndi malamulo 17. Lamulo lachisanu limanena kuti chigamulo cha woyimbira pa zochitika m'masewero n'chomaliza, ndipo la nambala 12 limafotokoza zolakwa ndi zilango zake. Mu mpira wamanja, wotchinga ayenera kutalikira mamita 0.9 kuchokera kwa amene wagwira mpira. Mphunzitsi wanzeru amapatula mphindi khumi pa tsiku lililonse lokonzekera kuti afotokoze lamulo limodzi. Ndi bwinonso kuti osewera azisinthana kugwira wezulo pamene akusewera okhaokha. Mnyamata amene wayimbirapo, nalakwitsa anzake akumukuwiza, amazindikira kuti maso awiri sangaone zonse, ndipo amaleza mtima ndi woyimbira wa tsiku la mpikisano.

Ukali uli ndi mtengo wake

Osewera ena amaganiza kuti kutchera mwendo ndi kutukwana ndiye kulimba mtima. Mphunzitsi awakumbutse zimene zinaonekera Senegal pa mpikisano wa World Cup wa 2018 ku Russia. Senegal ndi Japan zinafanana mapointi ndi zigoli zomwe, ndipo zitakumana zinalepherana 2-2. Chimene chinazilekanitsa ndi makhadi achikasu: Senegal inali ndi 6 pamene Japan inali ndi 4. Japan inapitirira, Senegal n'kubwerera kwawo. Ngakhale pa bwalo la m'mudzi, khadi yofiira imasiya anthu khumi akuthamangira ntchito ya anthu khumi ndi mmodzi.

Chinyengo chimayambira pa kaundula

Khalidwe limayesedwa mpira usanayambe. Kulembetsa bambo wandevu pa mpikisano wa ana asukulu, kubwereka osewera a kutali n'kuwatcha dzina la mwana wa m'mudzi, kapena kukwirira zithumwa pagolo, zonsezi zimaphunzitsa mwana kuti kupambana kumagulidwa ndi bodza. Zimamananso mpata mwana amene wakhala akubwera kokonzekera mokhulupirika. M'mera mpoyamba: wozolowera kunama zaka ali wamng'ono sadzaona chovuta kunama pa ndalama za gulu atakula.

Pangano ndi chilango chosakondera

Mpikisano usanayambe, mphunzitsi akhale pansi ndi osewera n'kugwirizana mfundo zochepa zosavuta kukumbukira. Wolankhula ndi woyimbira akhale kaputeni yekha. Mnzawo wa timu ina akavulala, mpira utulutsidwe. Masewero akatha, onse apatsane moni wa padzanja, apambane kaya agonje. Wobwera ataledzera asavale yunifolomu. Mphamvu ya pangano lotere imaoneka tsiku limene wolakwa ndi katswiri wogoletsa zigoli. Akakhala pabenchi monga akanakhalira wina aliyense, timu yonse imadziwa kuti lamulolo ndi lenileni. Chilangocho chikhale chophunzitsa, osati kumenya kapena kunyoza mwana pagulu. Mphunzitsi asaiwalenso kuyamikira poyera wosewera amene wadzutsa mnzake wa timu ina kapena wavomera yekha kuti mpira unamukhudza dzanja.

Kugonja ndi kupambana

Timu ikagonja, mawu oyamba a mphunzitsi ndiwo amakhazikika m'mitima. Akanena kuti atibera, osewera sapeza choti akonze. Akafunsa chimene chinavuta kumbuyo kapena pakati, kugonjako kumasanduka sukulu. Ikapambana, aletse nyimbo zonyoza mudzi wa anzawo, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mbali ya mudzi

Mphunzitsi sangasenze yekha ntchito imeneyi. Mafumu, makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera, aphunzitsi a m'sukulu ndi apolisi a m'mudzi angathandize posankhiratu woyimbira wosachokera mbali iliyonse, kuika chingwe cholekanitsa ochemerera ndi bwalo, ndi kutalikitsa malonda a mowa. Okonza zikho angapatulenso mphoto ya timu yosunga mwambo, pambali pa mphoto ya opambana. Makolo nawo, posankha timu yoti mwana wawo alowe, aziyamba aona mmene mphunzitsi wake amachitira tsiku limene wagonja.