Phunziro: Modemu ndi Mlimi wa m'Komboni

Modemu ndi kachipangizo konga flash disk. Timaikamo SIM khadi ya Airtel, MTN kapena Zamtel yolembetsedwa ndi NRC, n'kukasomeka pa laputopu kuti tilowe pa intaneti. Kamatenga moto ku laputopuyo, choncho magetsi a ZESCO akazima ntchito imapitirira kufikira batire litatha.

M'nyumba zamalata za ku Kanyama ndi Chawama netiweki imafooka. Tikaike pazenera ndi chingwe chachitali cha USB.

Ndalama ya bandulo ndi yomweyo ya mbewu ndi feteleza. Tisanalumikize, tilembe papepala zimene tikufuna: kagwedwe ka mvula, mankhwala a mbozi za m'chimanga, ogula matimati ku Soweto Market. Tiletse ma update odziyambira okha, pakuti amadya bandulo mwakachetechete. Tikamaliza, tizule modemu.