KUNENEPA KOPITIRIRA MUYESO

Kuyambira kale anthu ambiri amaona kunenepa ngati chizindikiro cha ulemerero. Mwamuna akatuluka mimba amati ndalama zamuyanja, ndipo mkazi akanenepa amati akusungidwa bwino pa banja. Koma madokotala anapeza kuti mafuta akachuluka kwambiri m'thupi amawononga moyo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limawerengera kunenepa kotere m'gulu la matenda. Bungweli linapeza kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse pa dziko lapansi anali ndi vutoli.

Chakudya chimapatsa thupi mphamvu zogwirira ntchito. Munthu akamadya choposa chimene thupi lake likufuna, chotsalacho chimasanduka mafuta nkusungidwa pansi pa khungu ndi m'mimba. Zakudya zokazinga monga mandasi ndi tchipisi, ndiponso zakumwa zotsekemera, zimachulukitsa mafutawa msanga, makamaka kwa munthu wongokhala tsiku lonse. Komabe si onse onenepa amene ali osusuka kapena aulesi. Ena ndi chibadwa cha ku mtundu kwawo, ndipo ena amanenepa chifukwa cha matenda kapena mankhwala amene akumwa.

Pofuna kudziwa ngati munthu wamkulu wapitirira muyeso, a chipatala amamuyeza kulemera ndi msinkhu. Msinkhu amauchulukitsa ndi msinkhu womwewo, kenaka amagawa kulemerako ndi yankho limene lapezeka. Mwachitsanzo, mayi wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 80 amapeza 31. Yankho likafika pa 25 ndi chenjezo, koma likakwana 30 ndiye kuti munthuyo wanenepa mopitirira muyeso. Ana ali ndi kayezedwe kawokawo kolingana ndi zaka zawo. Mwana wotupa nkhope ndi mapazi chifukwa cha kuperewera kwa zakudya asayesedwe wonenepa. Ameneyo afunika kupita naye ku chipatala msanga.

Thupi likalemera chotere mtima umagwira ntchito yakalavulagaga. Munthu amapuma mwawefuwefu akayenda pang'ono, ndipo mawondo ndi msana zimapweteka. Matenda a shuga, a mtima, kuthamanga kwa magazi ndi kufa kwa ziwalo zimamupeza mosavuta.

Vutoli lingathe kupewedwa. Banja liyenera kudya zakudya zakasinthasintha za m'magulu onse 6, kuchulukitsa ndiwo zamasamba, nyemba ndi zipatso, ndi kuchepetsa shuga ndi mafuta ophikira. Nsima ya mgaiwa imaposa ya ufa woyera chifukwa gaga amathandiza m'mimba. Kulima, kuyenda pansi, kupalasa njinga ndi kusewera mpira kumasungunula mafuta.

Mwana wonenepa sayenera kusekedwa kapena kupatsidwa maina achipongwe. Kunyozedwa kumamuchititsa manyazi, mpaka amaleka kusewera ndi anzake, ndipo vuto lake limakulirakulira. Iye afunika malangizo a chipatala ndi anzake omuitanira ku bwalo la masewero.

Mafunso

1. Kodi mafuta a m'thupi amachokera kuti?
2. Tchulani matenda atatu amene amadza ndi kunenepa kopitirira muyeso.
3. Chifukwa chiyani si bwino kuseka mwana wonenepa?
4. Perekani matanthauzo a mawu awa: ulemerero, osusuka, yakalavulagaga, mwawefuwefu.