Kujambula Chinthu Chomwe Kulibe: Mafunso ndi Mayankho kwa Oyamba Rendering

Kodi rendering kwenikweni n'chiyani?

Mumayamba ndi kumanga chinthu m'kompyuta, kaya ndi nyumba, mpando kapena botolo la mafuta odzola. Kenako pulogalamu imawerengera mmene kuwala kukanagwera pa chinthucho chikanakhala chenicheni, n'kukupatsani chithunzi chooneka ngati chojambulidwa ndi kamera. Kuwerengera kumeneku ndiye rendering.

Yanikani chitenje chofiira padzuwa pafupi ndi khoma lopakidwa laimu, muyang'anitsitse khomalo. Muona kuti latengera kufiira pang'ono. Kuwala kwagunda chitenje, kwanyamula mtundu wake, n'kukautula pakhoma. Pulogalamu imatsanzira zomwezi. Imaponya timizere miyandamiyanda kuchokera pa kamera, kamzere kalikonse n'kumagunda zinthu ndi kubwerera uku ndi uku mpaka kupeza pochokera kuwala. Njirayi amaitcha path tracing, ndipo James Kajiya wa ku Caltech ndiye anafotokoza masamu ake mu 1986. N'chifukwa chake ntchitoyi imalemetsa kompyuta: kadontho kalikonse ka chithunzi kamafuna timizere tambirimbiri.

Mapulogalamu alipo ambiri. Ndiyambe ndi iti?

Yambani ndi Blender. Ndi yaulere, ndipo mutha kugulitsa ntchito yomwe mwapangiramo popanda kulipira munthu. Anaiyambitsa Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Kampani yake itagwa, anthu oikonda anasonkha ma euro 100,000 mu 2002 kuti pulogalamuyi ikhale ya aliyense. M'kati mwake muli njira ziwiri zotulutsira chithunzi. Cycles, yomwe inabwera mu 2011, imatsata kuwala mofatsa ndipo ndi yomwe mukufuna ngati cholinga ndi chithunzi chonga cha kamera. Eevee, ya mu 2019, ndi yachangu koma imadula njira m'malo ena. Amene amaderera zaulere adziwe kuti filimu ya Flow, ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia, inapangidwa mu Blender ndipo inapata Oscar mu 2025.

Ena ambiri ndi ogula. V-Ray ndi Corona, onse a kampani ya Chaos, amakondedwa m'maofesi a ojambula mapulani a nyumba. KeyShot imayenerera opanga katundu wa m'fakitale. Twinmotion, Lumion ndi Enscape zimathandiza amene ali kale ndi pulani mu SketchUp kapena Revit ndipo akufuna kuonetsa kasitomala mawa lomwe. Zomwe mungaphunzire mu Cycles za kuwala ndi kamera zidzakugwirirani ntchito konseko, choncho simutaya kanthu poyambira apa.

Kompyuta yanga ndi yakale. Ndidikire mpaka nditagula ina?

Ayi, ndipo pamfundo iyi ndimalimbikira kwambiri. Ndaona achinyamata aluso akutha chaka chathunthu akufunsa mitengo ya makina osatsegulako pulogalamu n'kamodzi komwe. Cycles imagwira ntchito ngakhale pa CPU yokha. Idzachedwa, inde, koma kapu imodzi patebulo siifuna makina amphamvu. Chepetsani kukula kwa chithunzi poyeserera, ndipo ngati Blender yatsopano ikukana kutseguka, tengani yakale, popeza zonse zomwe zinatuluka m'mbuyomu zikupezekabe. Mukadzayamba kuona pomwe kompyuta yanu ikukutsamwirani, mudzadziwa chogula popanda wina kukuuzani.

Ndalama zikapezeka, ndiziike pati?

Pa graphics card, yomwe ambiri amangoti GPU. CPU ili ngati amisiri ochepa odziwa ntchito iliyonse, pamene GPU ili ngati khamu la anthu olima m'munda umodzi, aliyense ndi mzere wake. Kutsata timizere ta kuwala ndi ntchito ya khamu. Makhadi a NVIDIA a mtundu wa RTX, omwe anayamba kutuluka mu 2018, ali ndi zigawo zopangidwira ntchito imeneyi, ndipo mapulogalamu ambiri amagwirizana nawo bwino. Cycles imalandiranso makhadi a AMD ndi Intel komanso makompyuta a Apple. Koma dziwani pulogalamu yanu musanagule, chifukwa Corona imadalira CPU, ndiye khadi lodula silingaifulumizitse.

Pakhadipo, musangoyang'ana liwiro. Funsani za VRAM, yomwe ndi memori ya khadilo palokha. Zonse za m'chithunzi chanu zimayenera kukwana m'menemo. Chithunzi chimodzi cha 4K chokutira khoma, chokhala ndi timadontho 4096 m'litali ndi m'lifupi, chimatha kudya ma MB 64, ndipo cha 8K chimadya kanayi kuposa apo. Khoma limodzi limafuna zithunzi zotere zingapo: cha mtundu, cha kukhakhala, cha mabampu. Onjezani matailosi, makatani, mitengo ya panja. VRAM ikadzaza, render imachedwa koopsa kapena kuima kumene. Ine ndingasankhe khadi lofatsa la 12 GB, monga RTX 3060 ya kukula kumeneko, kusiyana ndi lothamanga la 8 GB.

Zotsalazo n'zachidule. RAM ikhale 16 GB poyambira, 32 GB ngati mukufuna kupanga nyumba zathunthu. Ikani SSD. Musaumire pa power supply, chifukwa yachabechabe ikapsa imatha kupita ndi khadi lomwe.

Nanga laputopu?

Khadi la mu laputopu ndi lofooka poyerekeza ndi la mu desktop ngakhale dzina likhale lofanana, chifukwa limapatsidwa magetsi ochepa kuti lisatenthe. Simungalisinthenso. Komabe kumene magetsi amathimathima, batire la laputopu lili ndi phindu lake. Mukasankha desktop, muwerengeretu mtengo wa UPS.

Ineyo ndinaphunzira movutikira. Ndinasiya kanema wa nyumba ya kasitomala akuphikika usiku wonse ngati fayilo imodzi ya vidiyo. Magetsi anathima mbandakucha, ndipo m'mawa ndinapeza fayilo yosatseguka. Kuyambira tsiku limenelo ndimatulutsa kanema ngati zithunzi za PNG chimodzichimodzi, n'kuzilumikiza pomaliza. Magetsi akathima pa chithunzi cha 180, mumayambira pa 180 pomwepo. Fumbi nalonso musaliiwale, makamaka m'chilimwe. Likatseka mafani, makina amatentha n'kudzichepetsera okha liwiro.

Ndili ndi makina abwino, koma zithunzi zanga zikuoneka ngati zidole za pulasitiki. Vuto lili pati?

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndalama sizithandizapo. Vuto ndi loti kompyuta imapanga zinthu zangwiro, pamene diso linazolowera zinthu zogwiritsidwa ntchito.

Tengani kapu yomwe mumamwera tiyi, muiike pawindo m'mawa. Onani mkombero wake. Sunathwe ngati lumo, ndi wobulungira pang'ono, ndipo pobulungirapo pali kamzere kowala. Kamzere kameneko ndi kamene kamauza diso kuti ichi n'chinthu chenicheni. M'kompyuta m'mphepete mwa chinthu mumakhala mothwa kotheratu, choncho muyenera kuikamo bevel, ngakhale ya mamilimita awiri okha. Onaninso pomwe pagwira chala, pomwe pakalika, kachizindikiro ka tiyi m'kati. Kunyezimira sikufanana pakapu ponse.

Chachiwiri ndi miyeso. Chitseko chikhale cha mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono, njerwa ikhale ya msinkhu wa njerwa. Mukalakwitsa apa, kuwala ndi kamera zimachita ngati zikujambula kanyumba koseweretsa ana. Kamerayo iikeni pa msinkhu wa maso a munthu woimirira.

Chachitatu ndi kuwala. Oyamba kumene amakonda kumwaza nyali paliponse mpaka mthunzi kusowa. Yambani ndi HDRI imodzi, chomwe ndi chithunzi cha malo enieni chozungulira mbali zonse chosunga mphamvu ya dzuwa ndi thambo. Pa Poly Haven zilipo zambiri zaulere. Sankhani ya dzuwa lopendeka, muone mmene mithunzi italikira ndi mmene khoma lokhakhala limaonekera.

Timadontho tonga mchenga pachithunzi timachokera kuti?

Timizere ta kuwala tachepa. Chiwerengero chake amachitcha samples. Kuti mchengawo uchepe ndi theka, samples iyenera kuchuluka kanayi, ndiye kungokweza nambala kumadya nthawi msanga. Yatsani denoiser, chida chochotsera mchengawo, monga Open Image Denoise ya Intel yomwe ili kale mu Blender, ndipo samples mazana ochepa amakwana pa zithunzi zambiri. Zipinda za mawindo ang'onoang'ono ndi zinthu zagalasi ndizo zimavuta kwambiri.

Pa kanema werengerani nthawi musanalonjeze kasitomala. Masekondi 10 amatha kukhala zithunzi 240. Chilichonse chikamatenga mphindi 5, amenewo ndi maola 20.

Sabata yoyamba ndichite chiyani?

Ambiri amayamba ndi maphunziro a donati a Andrew Price pa YouTube, ndipo ndi abwino pozolowera mabatani. Mukamaliza, jambulani kapu yanu ija ndi foni, muimange mu Blender, muike zithunzi ziwirizo pambalipambali. Pezani chinthu chimodzi chosiyana, mwina mthunzi wada kwambiri kapena chogwirira chanenepa, muchikonze, mutulutsenso chithunzi.