ULENDO WA KU KACHULU NDI KU CHISI

Mtsinje wa Domasi uchokera kumapiri, pakati pa Zomba ndi Malosa. Utsika m'chigwa, nupitirira pafupi ndi Mishoni imene Eklesia wa ku Scotland anaiyamba m'chaka cha 1884, nuthirira minda ya mpunga ya kuchidikha, kufikira ulowa m'nyanja ya Chilwa. Ana ambiri asamba mumtsinjewu tsiku ndi tsiku, koma owerengeka okha anaona kumene uthera.

M'mudzi wina wa m'chigwamo munali mnyamata wokonda kugwira nsomba. Tsiku lina m'chilimwe, madzi atachepa, iye ndi anzake anatenga neti ya udzudzu, nakokolola nsomba zonse za m'dziwe, zazikulu ndi zazing'ono zomwe. Amalume ake, amene ntchito yawo inali yogula nsomba kunyanja, anaona tinsombato m'mbale, koma sanamkalipire. Anangoti, "Mphwanga, sukulu ikatsekedwa udzandiperekeza ku Kachulu."

Tsikulo litafika anadzuka tambala woyamba, nakwera njinga, amalume patsogolo, mnyamata pambuyo. Anatsata msewu wa ku Zomba kufikira pa Matawale, pamenepo anakhotera kum'mawa. Kuchokera ku Zomba kufika ku Kachulu ndi ulendo wa makilomita ngati 30. Dziko linali lathyathyathya, ndipo phiri la Mpyupyu linaoneka lokha pakati pa chidikha. Dzuwa litapendeka anamva fungo la utsi ndi la nsomba, nadziwa kuti afika.

Kachulu ndilo doko lodziwika la nyanja ya Chilwa kumbali ya ku Zomba. Mnyamatayo anaona mabwato ndi ngalawa zambiri pagombe. Amuna ena analikusoka makoka ndi matchera, ena analikuluka miyono. Akazi analikuyanika matemba padzuwa, ena analikuwamba milamba pamoto. Amalume anamuuza kuti nsomba zochuluka za m'nyanjamo zili za mitundu itatu: matemba, makumba ndi milamba. Nsombazi zigulidwa ndi amalonda, nizifika m'misika ya ku Zomba, ku Blantyre ndi m'midzi yakutali, kumene anthu alibe ndiwo zina zotsika mtengo zoposa matemba.

M'mawa mwake analowa m'ngalawa kunka ku chilumba cha Chisi. Mwini ngalawa anaikankha ndi nsungwi yaitali, pakuti nyanjayi siili yakuya. M'malo ambiri siipitirira mamita atatu. Mnyamatayo anatunga madzi m'dzanja kuti amwe, koma amalume anamgwira mkono, nati, "Leka, mphwanga. Imwa owiritsa amene tatenga m'botolo. Madzi awa adwalitsa anthu ambiri kolera, ndipo m'mbali mwake muli nkhono za likodzo."

Madziwo anali otuwa ndi matope, ndiponso ali ndi kamchere. Chifukwa chake ndi ichi: mitsinje yambiri ilowa m'nyanja ya Chilwa, monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, koma palibe mtsinje wotulukamo. Madzi achoka pokhapokha dzuwa likawauma, ndipo mchere utsala. David Livingstone, pamene anafika panyanjayi pamodzi ndi John Kirk m'mwezi wa April, chaka cha 1859, anapezanso madzi ake ali otero. Kale anthu a m'mbali mwa nyanja anali kutcheza mchere m'dothi, naugulitsa kwa anthu a kumtunda.

Pakati pa njedza anaona tinyumba taudzu toyandama pamadzi. Tinyumbato atitcha zimbowera. Asodzi akhala m'menemo masiku ambiri osabwera kumtunda. Aphika momwemo, nagona momwemo. Anaonanso akakowa ndi atsekwe, ndi nkhwazi ilikuuluka pamwamba. Chifukwa cha mbalame zake zochuluka, nyanjayi inalembedwa m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la maiko, lotchedwa pangano la Ramsar.

Atakocheza pa Chisi anayamba apita kukaonekera kwa mfumu, monga ayenera kuchita alendo. Mnyamatayo anagwada, naomba m'manja. Mfumu inawalandira bwino, niwapatsa nkhalamba ina yakuti iwatsogolere kuphiri, pakuti chilumbacho chili ndi mapiri ake a miyala. Anapitirira milambe yaikulu, nayamba kukwera. Njira inali yotsetsereka, dzuwa linatentha, ndipo miyendo ya mnyamatayo inalema. Iye anakhala pamwala, nati, "Agogo, ine pamwamba sindifika." Nkhalambayo inaseka, niti, "Mdzukulu wanga, tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Pumula, ndipo tiyenso." Ali m'njira inawauza kuti m'masiku a nkhondo ndi ogwira akapolo, anthu ambiri anathawira pachilumbapo, chifukwa madzi anali linga lawo.

Pomaliza anafika pamwamba, ndipo dziko lonse linaonekera. Kummwera kunali phiri la Mulanje. Kum'mawa kunali mapiri a ku Mozambique. Chakumpoto kunali Chikala. Kumadzulo kunali Zomba ndi Malosa, ndi mpata pakati pake. Amalume analoza mpatawo, nati, "Uko ndiko kwanu." Mnyamatayo anazizwa, pakuti chigwa chimene anachiyesa dziko lonse chinaoneka chaching'ono ndithu.

Pamenepo nkhalambayo inati, "Madzi onse uwaonawa ndinawaona ataphwa. M'chaka cha 1968 ndinali mnyamata monga iwe. Nyanja inauma, nisanduka dothi long'aluka, ndipo tinayenda pansi kunka kumtunda. Inaumanso m'chaka cha 1995, ndipo m'chaka cha 2018 mbali yaikulu inaphwanso. Mabwato anagona pamatope, asodzi anabalalika kunka ku nyanja zina, ndipo m'midzi munagwa njala."

Mnyamatayo anafunsa, "Nanga agogo, nyanja itauma, nsomba za lerozi zinachokera kuti?"

Nkhalambayo inayankha, "Wafunsa bwino. Zambiri zinafa. Milamba ina inapulumuka m'matope a m'madambo. Koma matemba ndi makumba otsala anathawira m'mitsinje, nabisala m'maiwe, monga a Domasi ndi a Likangala. Madzi saiwala khwawa: mvula itabweranso nyanja inadzala, ndipo nsomba zija zinatsika, niziswana. Chifukwa chake, itauma nyanja mu 1995, mafumu ndi akuluakulu a boma oyang'anira za nsomba anapangana kuletsa anthu kuthira katupe m'mitsinje. Wopha nsomba zonse za m'dziwe wadya mbewu."

Mnyamatayo anakumbukira neti ya udzudzu ija, nazyolika, osanena kanthu. Amalume nawonso anakhala chete, pakuti anaona kuti wamva.

Potsika, amalume anamuonetsa malo ena a phiri la Malosa ndi la Chikala amene anayera chifukwa mitengo inadulidwa. Anamfotokozera kuti nyanja iphwa makamaka mvula ikachepa zaka zingapo zotsatana, ndipo mvula munthu sangailamulire. Koma mitengo ili m'manja mwa anthu. Phiri likakhala ndi mitengo, madzi a mvula alowa pansi, natuluka pang'onopang'ono mu akasupe chaka chonse. Phiri likayera, madzi athamanga tsiku limodzi, nakokolola nthaka, naitaya m'nyanja; nyanja ikwiririka, ndipo m'chilimwe maiwe a mumtsinje aphwa msanga, nsomba nizisowa pothawira.

Anagona ku Kachulu usiku wachiwiri. M'mawa amalume anagula dengu la matemba, nalimanga panjinga, ndipo anabwerera kwawo. Mnyamatayo atafika anachapa neti ija, naipachikanso pamalo pake pogona. Anzake atamuitana kudziwe, anapita ndi mbedza yokha. Iwo anamseka, koma iye anakhala nawo pansi, nawauza za nyanja imene inauma katatu, ndi za nsomba zimene zinabisala mumtsinje wawo. Ena anamva, ena sanamve. Koma mvula itayamba, anayi a iwo anapempha mbande kwa aphunzitsi, nazibzala m'mbali mwa mtsinje.

Mlengi anaika munthu m'munda kuti aulime ndi kuusunga. Mwana wa ku Domasi sakhala panyanja, koma chimene achita pamtsinje wa kwawo chifika kwa msodzi wa ku Chisi amene sanamuone ndi kale lonse, ndipo chibwerera kwa iye mwini m'mbale ya ndiwo.

MAFUNSO

1. Kodi mtsinje wa Domasi uchokera kuti, ndipo uthera kuti?
2. Chifukwa ninji madzi a m'nyanja ya Chilwa ali ndi kamchere?
3. Tchulani mitundu itatu ya nsomba za m'nyanjayi.
4. Kodi chimbowera nchiyani?
5. Nyanja ya Chilwa inaphwa m'zaka ziti? Nanga nsomba zinapulumukira kuti?
6. Nkhalamba inatanthauza chiyani ponena kuti wopha nsomba zonse za m'dziwe wadya mbewu?
7. Jambulani mapu oonetsa Malosa, Zomba, mtsinje wa Domasi, Kachulu ndi Chisi.