Phunziro 18: Kuchotsa mchere m'madzi a m'nyanja

Kum'mawa kwa dziko lathu la Mozambique kuli nyanja yaikulu yamchere. Madzi ake ndi ambiri, koma sitingamwe. M'lita imodzi muli mchere wokwana magalamu 35, ngati masupuni aang'ono 6. Munthu akamwa madziwo, ludzu limangokula. Tikathirira chimanga, chimauma.

Kodi mcherewo ungachoke? Eya, umachoka.

Njira yoyamba: kutcheza

Taonani mphika uli pamoto. Madzi akawira, nthunzi imakwera. Ikafika pa chivundikiro, imazizira nkusanduka madontho. Madonthowo alibe mchere, pakuti mchere sukwera ndi nthunzi. Umatsala mumphika.

Otcheza kachasu amaidziwa ntchito imeneyi. Nthunzi imalowa mumpope, mpopewo umadutsa m'madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kumadontha madzi. Dziko la Kuwait, kumene kulibe mitsinje, linayamba kutcheza madzi a m'nyanja ndi makina aakulu m'zaka za m'ma 1950.

Koma njirayi imadya moto wambiri. Kufunditsa madzi mpaka awire ndi ntchito yochepa. Kuwasandutsa onse nthunzi kumafuna moto woposa pamenepo kasanu, ngakhale kupitirira. Ndipo nthunzi ikazizira mumpope, kutentha konseko kumangotayika. Nkhuni zingathe, madzi asanadzaze chidebe.

Njira yachiwiri: kupanikiza nthunzi

Anzathu, munapopapo tayala la njinga? Gwirani pampu mukamaliza. Yatentha, si choncho? Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Nthunzinso imatero.

Makina a njirayi amagwira ntchito motere:

1. Madzi amchere amawira m'thanki yotseka.
2. Pampu imakoka nthunzi nkuipanikiza. Tsopano yatentha kuposa madzi owirawo.
3. Nthunziyo imabwezedwa m'mipope yodutsa m'thanki yomweyo.
4. Kutentha kwake kumawiritsa madzi ena amchere.
5. Nthunzi ya m'mipope imasanduka madzi abwino akumwa.

Mwaona? Kutentha sikunatayike. Kwabwerera kukagwira ntchito kachiwiri. Makina akayamba, chofunika kwambiri ndi mphamvu yoyendetsa pampu basi, kaya magetsi kaya injini. Pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945, sitima za America zoyenda pansi pa nyanja zinkapeza madzi akumwa mwa njira imeneyi.

Masiku ano malo ambiri atsopano sawiritsa madzi. Amawakankha mwamphamvu kuti adutse pa sefa yomwe imatsekereza mchere. Ku Cabo Verde, kumene mvula ndi yosowa, anthu a pa zilumba za Sal ndi São Vicente amadalira madzi ochotsedwa mchere.

Nanga ife alimi?

Njira zonsezi zimafuna ndalama zambiri. Madzi ake ndi akumwa ndi kuphikira, koma kuthirira nawo munda wa chimanga sikungatipindulire. Madzi otsala m'thanki ali ndi mchere wochuluka. Akatayidwa m'munda amaononga nthaka.

Choncho madzi abwino amene tili nawo ndi chuma. Tisamale zitsime zathu. Tikolole madzi a mvula. Chitsime chikakhala cha mchere, tisathirire nacho dimba la kooperativa.

Mafunso

1. Madzi a m'nyanja akawira, mchere umatsala kuti?
2. Chimachitika nchiyani nthunzi ikapanikizidwa?
3. Chidebe cha malita 20 a madzi a m'nyanja chili ndi mchere wokwana magalamu angati?

Tiyeni tilembe: madzi, mchere, nthunzi, mpope.