Pakhonde pa Azakhali: Musadyetse alendo ngongole

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 26 ndipo ndili m'gulu la banki m'khonde la amayi 12. Timakumana mosinthana makomo. Mwezi watha tinali kwa mnzathu wina amene anatikonzera zinthu zoti enafe ngakhale mayina ake sitinkawadziwa: masoseji obaya pa timitengo, tchizi, ndi china chobiriwira chimene anati ndi guacamole. Zithunzi zake zinazungulira pa WhatsApp sabata yathunthu. Loweruka likubwerali ndi kwanga. Uvuni ndilibe, filiji ndilibe, changa ndi mbaula ndi chiwaya basi. Ndikuganiza zokongola ndalama ku gulu lomweli kuti ndikagule za m'sitolo, koma bambo akunyumba akuti mutu wanga sukuyenda bwino. Nditani kuti ndisachite manyazi?

Ine Wosowa Tulo, Chilomoni, Blantyre

Mwana wanga Wosowa Tulo,

Sendera kuno ndikugwire pachipumi, mwina ndi malungo. Ukongole ku gulu, ugule masoseji, gulu lomwelo lidye, mwezi wamawa gulu lomwelo likufunse chiwongoladzanja? Amayi amene anyambite zala Lowerukawo ndi omwe adzabwere kudzanyamula mbaula yakoyo ukadzalephera kubweza. Ine sindikonda kuikira kumbuyo amuna, koma wakoyo umupatsire moni, pa nkhani iyi wakhoza.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mbaula ndi chiwaya zalera anthu ambiri m'dziko muno kuposa uvuni. Tenga dengu, pita kumsika, ndikuuze zogula.

Tiyambe ndi chobiriwira chakusowetsa tulocho. Ndi peyala, mwana wanga, lomwe lija la ku Thyolo ndi ku Mulanje limene limachuluka mvula ikamapita kumapeto. Dzina lakelo linachokera ku Mexico. Tenga mapeyala awiri akupsa, uwakanye ndi foloko, usachite kuwasandutsa phala. Thiramo madzi a ndimu limodzi, theka la anyezi wodula tizidutswa ting'onoting'ono, tomato mmodzi wochotsa njere, mchere, ndi kachidutswa ka tsabola wa kambuzi. Ndati kachidutswa. Kambuzi sasewera naye, ungaliritse msungichuma wa gulu n'kusokoneza mawerengero. Ndimu lili ndi ntchito ziwiri: limakometsa, komanso limachedwetsa peyala kuda, poti peyala likangokumana ndi mpweya limayamba kusintha mtundu. N'chifukwa chake ichi uchikonze pomalizira, alendo akamati odi.

Chosunsira chachiwiri ndi cha chiponde. Masupuni atatu a chiponde uwasungunule ndi madzi otentha pang'onopang'ono, ukutakasa. Poyamba chidzachita ngati chakana, chidzalimba n'kumatirira kusupuni. Usataye mtima, pitiriza kuthira madzi, chidzafewa chokha. Kenako uthiremo adyo wosinja, mchere, tsabola ndi madzi a bwemba kapena a ndimu. Ngati wapeza chambiko, chiikire pa kansalu koyera kwa ola limodzi kuti madzi akhe, chotsalacho usakanize ndi nkhaka yopala, adyo ndi mchere. Koma poti ulibe filiji, chambiko ugule m'mawa wa tsiku lomwelo.

Tsono zosunsazo. Gula chinangwa cha manyokola, chozuna chija. Chowawa chili ndi poizoni, n'chifukwa chake anzathu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amayamba achiviika m'madzi masiku angapo asanapange ufa wa kondowole. Manyokola usende, udule motalika ngati chala, uchotse mtsitsi wa pakati, uwiritse ndi mchere mpaka mpeni uzilowa koma chisanaphwanyike. Khetsa madzi, chiume kaye, kenako ukazinge. Kunja chimakhala chokhukhuluza, mkati chofewa. Mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni, uchite nayo chimodzimodzi. Imeneyi ili ndi vitamini A, ndiye wina akafunsa chifukwa chake palibe masoseji, umuuze kuti iwe umaganizira maso a anzako.

Zitumbuwa usazinyoze. Nthochi 6 zakupsa kwambiri, zija zachita mawanga akuda zimene wogulitsa amatsitsa mtengo, uzikanye bwinobwino. Thiramo kapu imodzi ya ufa wa mgaiwa, mchere pang'ono ndi soda wa kunsonga ya supuni. Shuga safunika wambiri, nthochi yabwera ndi wake. Uumbe ting'onoting'ono toti munthu kuluma kawiri kwatha. Chinsinsi cha mnzako wa timitengo uja chili pomwepa: chakudya chikachepa msinkhu n'kuyalidwa bwino m'mbale yoyera, anthu amachipatsa ulemu. Zigege nazonso n'zosavuta. Mbatata ya kachewere ya ku Dedza kapena ku Ntcheu uidule mopyapyala, uiwiritse pang'ono, uiviike mu fulawa wosungunula ndi madzi, mchere ndi binzali, n'kuponya m'mafuta.

Pa mafuta pomwepa m'pamene atsikana ambiri amagwera. Usanayambe, dontheza kachidutswa ka zokanyazo m'chiwaya. Kakamira n'kukhala duu pansi, mafuta sanatenthe, ndipo zitumbuwa zako zidzamwa mafuta mpaka kunyowetsa zala za alendo. Kakada nthawi yomweyo, moto wachuluka, phula makala ena, apo ayi kunja kudzapserera mkati muli mwamuwisi. Kakayandama kakuchita thovu m'mbali, yamba ntchito. Ndipo usadzaze chiwaya chifukwa cha changu, zochuluka zimaziziritsa mafuta.

Mtedza wokazinga usasowe. Uyambe wausankha palichero. Wofota, wofumbwa ndi wa chuku utaye, osati kupatsa ana. Chuku cha mtedza chimapanga poizoni wotchedwa aflatoxin amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Ukamakazinga, ukatsala pang'ono kupsa, uwaze madzi a mchere n'kupitiriza kutakasa mpaka uume. Mchere umamatirira, mtedza n'kuchita mbuu. Ufunsenso anzako ngati pali wina amene mtedza umamuwenga, chifukwa ena thupi limatupa, ena mpaka kubanika.

Tsopano tchera khutu, apa sindikuseka. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Tomato, nkhaka ndi anyezi zodya zosaphika uzitsuke ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini. Alendo asambe m'manja ndi sopo mothirirana, osati onse 12 m'beseni limodzi. M'chosunsira chilichonse muikemo supuni, aliyense azitapira m'mbale yake, chifukwa alipo amayi ena oluma chinangwa n'kuchibwezanso m'mbale ya gulu. Ukuwadziwa, ineyo ndikuwadziwanso. Zophika zisakhale pamtetete kupitirira maola awiri, ndipo uzivindikire ntchentche zisayambe kulawa alendo asanafike.

Zonsezi usakonze tsiku limodzi ngati ukudyetsa ukwati. Sankhapo zokazinga ziwiri, zosunsira ziwiri, mtedza, ndi thobwa kapena tiyi. Mtedza ukazinge Lachisanu, chinangwa uwiritse m'mawa, zokazinga zituluke m'chiwaya anthu atakhala kale pamphasa. Anzakowo akubwera kudzasonkha masheya, sakubwera kudzakupatsa malikisi. Ndipo wojambula zithunzi ajambule msanga, chifukwa mbale zikhala zitayera asanatsegule foni.

Azakhali

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 29, ndimakhala ndekha. Lamlungu anzanga asanu akubwera kudzaonera mpira wa Bullets ndi Wanderers kunyumba kwanga, poti ndagula TV. Kuphika ndimangodziwa nsima ndi mazira. Ndinapempha chibwenzi changa kuti chidzatikonzere tina ndi tina, koma chandiyankha kuti sichinalembedwe ntchito. Kodi mkazi wotereyu ndi womanga naye banja?

Ine Wapabedi Limodzi, Kawale, Lilongwe

Iwe mphwanga,

Funso lako ndaliona, koma ndiyambe ndi langa: manja ako anapita kuti? Ogula TV ndiwe, oitana anthu ndiwe, okuwa chigoli ndinu anyamata, koma utsi ukalowe m'maso mwa mwana wa eni amene sunamupitire n'komwe kwa amalume ake? Mtsikanayo ndamukonda. Mugwiritsitse, ngati iyeyo angakulole.

Za Lamlunguzo n'zosachititsa thukuta. Yamba ndi mbuliwuli. Thira mafuta masupuni atatu m'poto wokhala ndi chivindikiro, ponyamo njere zitatu. Zikaphulika, thira theka la kapu, vindikira, uzigwedeza potoyo. Kuphulika kukayamba kutalikirana, phula msanga, thira mchere. Theka la kapu lomwelo lidzaza kabeseni. Usavundukule pakati kuti uone mmene zikuyendera, ungaonere mpira ndi diso limodzi.

Chachiwiri, usipa wouma. Uviike m'madzi ofunda kwa mphindi 10 kuti mchenga uchoke ndi kuwawa kuchepe, uchotse mitu, uuyanike palichero uume. Kenako ukazinge m'mafuta ochepa mpaka ukhale wokhukhuluza, uthire mchere, ufinyire ndimu. Wonyowa usauponye m'mafuta otentha, adzakuthethekera kumaso.

Chachitatu, nthutumba. Kumudzi nthutumba ndi ya bambo mwini nyumba kapena mlendo wolemekezeka, koma m'tauni muno zimagulitsidwa pa paketi, ndiye nanunso lawani ulemu wa akuluakulu. Uzitsuke bwino, uchotse kachikopa kachikasu ka mkati ngati katsalira, uziwiritse ndi mchere ndi adyo mpaka zifewe, mwina mphindi 40. Ukazikazinga zosawiritsa, anzako adzatafuna mpaka wosewera mpira womaliza atatuluka m'bwalo. Zikafewa, uzikazinge ndi anyezi.

Pambali pake pakhale kachumbali: tomato atatu a ku Lizulu kapena a pamsika wa pafupi nawe, anyezi mmodzi, mchere ndi ndimu. Anyezi ukadula umuviike kaye m'madzi a mchere kuti ukali uchepe. Botolo la Nali uliike pakati aliyense adzithirire yekha, kuti wolira adziwe chomuliritsa, kaya ndi tsabola kaya ndi zigoli.

Anzakowonso asabwere akugwedeza manja. Wina agule zakumwa, wina makala, wina chimanga chootcha. Chibwenzi chakocho uchiitane ngati mlendo, uchipatse mpando wabwino ndi mbale yoyamba, chione kuti sichikukwatiwa ndi khanda. Mpira ukatha, mbale mutsuke nonse, a Maule ndi a Manoma omwe, wopambana ndi wogonja yemwe.

Azakhali